MAULENDO A MAGULU KU MATHITHI: AMBIRI AMAFERA PAKHOMO

Kucokera pa msika wa Maramba kukafika pa cipata ca mathithi a Mosi-oa-Tunya pali mtunda wa makilomita ngati 10 cabe. M'miyezi ya Marichi ndi Epulo, pamene mtsinje wa Zambezi wadzaza, utsi wa mathithiwo umaoneka m'mamawa uli njo kum'mwera kwa tauni. Alendo amaoloka nyanja zamcere, nalipira ndalama zambiri, kuti adzaime pa malo amenewa ola limodzi kapena awiri. Koma m'makomboni a Maramba, Libuyu, Dambwa, Linda ndi Ngwenya muli anyamata ndi atsikana amene anabadwira momwemo, nakulira momwemo, osatsikako ndi kamodzi komwe ku Boiling Pot kapena kuyenda m'mphepete mwa maphompho a Batoka.

Sikuti safuna iai. Caka ndi caka makwaya a m'machalichi, magulu a acinyamata, aphunzitsi, azimai a pa msika ndi anchito a m'maofesi amapangana za ulendo wa pansi wokaona mathithi ndi zigwa zake. Nkhani imayamba ndi moto. Sabata yoyamba maina amafika 40, ena nalonjeza kubwera ndi nkhuku, ena ndi gitala. Sabata yacitatu anthu amayamba kufunsana ngati ulendo ukalipo. Usiku wa Lacisanu mafoni amalira motsatana: uyu mwana watentha thupi, uyu apongozi afika mwadzidzidzi, uyo malipiro sanalowe. Loweruka m'mawa pa malo okumanirana pamapezeka anthu asanu ndi awiri, zigubu za madzi zili m'manja, pamodzi ndi woyendetsa basi amene alikufuna ndalama yake yonse monga anapangana.

Ena angayese kuti iyi ndi nkhani ya masewera, koma zotayika zake n'zenizeni. Amene anatsogolera amalipira ngongole ya galimoto kucokera m'thumba lake, nalumbira kuti sadzayambanso. Mai amene anatseka thebulo lake la tomato wataya malonda a Loweruka, tsiku la ndalama. Anthu oimba m'kwaya imodzi amaleka kupatsana moni cifukwa ca K50 yosabwezedwa. Coopsya koposa n'cakuti gulu likalephera kawiri, acinyamata ena amangonyamuka okha awiri kapena atatu, opanda wodziwa njira, kulowa m'malo a njobvu ndi a matanthwe oterera. Poyang'anitsitsa, maulendo ambiri otere amafera pakhomo, masabata atatu tsiku lisanafike, ndipo matenda amene amawapha ndi odziwika.

"INDE" WOSAGULA KANTHU

Matenda oyamba ali m'mau akuti "inde". Kukana pamaso pa gulu kumaoneka ngati mwano, kapena ngati kuulula umphawi. Munthu akafunsidwa pakati pa anzake ngati adzapita, amabvomera, ngakhale mumtima alikudziwa kuti lendi ya nyumba sanalipire. Ena amayankha kuti "tidzaona" kapena "Mulungu akalola", ndipo mlembi wacangu amalemba maina ao pa mndandanda. Masiku ano bvutoli lakula cifukwa mapangano ambiri amacitikira pa WhatsApp, pamene kubvomera ndi kungodinda ndi cala. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma pano wofera kuuna ndi wokonza ulendo, amene wawerengera anthu a mumphepo.

Masamu ake ndi osabvuta kuwatsata. Mwacitsanzo, basi ya anthu 30 itapanganidwa pa K3,000 tsiku lonse, aliyense ayenera kupereka K100. Anthu 6 akabwerera m'mbuyo, otsala 24 apereka K125. Mtengo ukakwera cotero, enanso 4 amene anali atangokwanitsa K100 amagwa mphwayi, ndipo otsala 20 apereka K150. Pofika apa ngakhale ofunitsitsa aja amayamba kung'ung'udza kuti alikulipirira anzao. Ulendo umagumuka ngati nyumba ya zidina pa mvula ya mbvumbi: njerwa imodzi ikasungunuka, inzake imatsata.

Mankhwala ake si atsopano. Pa 5 Julai 1841, Thomas Cook wa ku England anatenga anthu pafupifupi 500 pa sitima kucoka ku Leicester kupita ku Loughborough, mtunda wa makilomita 18, ku msonkhano wolimbana ndi kumwa mowa. Aliyense analipira sheleni imodzi. Pa ulendo umenewo ndipo panayambira kampani yake yochuka ya maulendo, ndipo msana wake unali mtengo wodziwika, tsiku lodziwika, ndi tikiti m'manja. Anthu a ku Maramba ali naco kale cida cofanana ndi cimeneci, ndico cilimba. Azimai amene amasonkha ndalama sabata ndi sabata osaphonya sangalephere kusonkha ya ulendo, ngati aiika m'dongosolo lomwelo: pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri, msungicuma nalemba m'buku pamaso pa onse. Ndalama zotumiza pa foni zathandizanso, pakuti kulipira kulikonse kumasiya uthenga wa umboni. Koma zipite pa nambala ya msungicuma, osati ya mtsogoleri, ndipo ya kutapira iwerengedwe pa mtengo kuyambira paciyambi.

Dzina lilowe pa mndandanda pokhapokha gawo loyamba la ndalama litaperekedwa, ndipo pakhale tsiku lotsekera, masabata awiri ulendo usanacitike. Pa tsiku limenelo owerengedwa ndi amene alipira, ndipo galimoto ifunidwe yolingana ndi iwowo. Gulu ligwirizanenso msanga za wobwerera m'mbuyo. Ndalama ya galimoto sibwezedwa, cifukwa mpando wake udzayenda wopanda munthu, koma iye ali ndi ufulu wopeza wina wolowa m'malo mwake.

Za maliro n'zapadera, ndipo ndizo zimagwetsa maulendo ambiri okonzedwa bwino. Palibe munthu wanzeru amene angakakamize mnzake kukwera miyala mbale wake asanaikidwe. Cimene gulu liyenera kupangana ndi cakuti maliro a ndani amaimitsa ulendo wonse. Akakhala a membala kapena a m'nyumba mwake, onse aime. Akakhala a kutali, apite okhudzidwa, otsala ayende. Mau otere ndi owawa kuwanena pa tsiku la maliro, cotero anenedwe kukali bata. Ndipo ulendo ukaimitsidwa, tsiku lina lichulidwe nthawi yomweyo, pakuti ulendo wa "tidzauzana" sudzukanso.

MWINI ULENDO NDANI?

Matenda aciwiri ndi kusowa mwini. Mu 1913 katswiri wa zaulimi wa ku France, Max Ringelmann, anafalitsa zimene anapeza poyesa anthu okoka cingwe. Munthu akakoka yekha amatulutsa mphamvu zake zonse, koma akakhala asanu ndi atatu pa cingwe cimodzi, aliyense amakoka pafupifupi theka cabe. Ndi mmene zimakhalira pa gulu la anthu 40 limene lanena kuti "tonse tikonza". Aliyense amayesa kuti mnzake wafunsa kale za mtengo wa pa cipata, wina walankhula ndi mwini galimoto, wina wagula mankhwala. Lacinai madzulo zimadziwika kuti palibe anacita kanthu.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene Livingstone inali tauni ya mafakitale a magalimoto, mawailesi ndi nsalu, maulendo otere kawirikawiri anali m'manja mwa sukulu, mpingo, masikauti kapena kalabu ya pa nchito. Mabungwe amenewa anali ndi zocedwetsa zao, makalata ndi zidindo, koma pa ulendo uliwonse panali munthu wa dzina amene akanafunsidwa zinthu zikalakwika. Magulu a lero amabadwa msanga pa foni, mwaufulu ndi mwacimwemwe, koma nthawi zambiri amabadwa opanda mutu.

Zoonadi mutu umodzi susenza denga. Komabe ponyamula denga pamakhala mmodzi wofuula kuti onse akweze pamodzi. Ulendo ufuna mtsogoleri mmodzi amene mau ake ndi omaliza pa za tsiku, njira ndi nthawi yobwerera. Thumba lisungidwe ndi wina. Wacitatu aone za galimoto, wacinai za cakudya ndi mankhwala, aliyense wochulidwa ndi dzina napatsidwa tsiku lodzafotokoza pamene wafika. Gulu likakula, ligawidwe. Robert Baden-Powell, pa msasa woyamba wa masikauti pa cilumba ca Brownsea mu 1907, anagawa anyamata 20 m'timagulu tinai, kalikonse ndi kapitao wake. Kagulu ka anthu 6 kapena 8 n'kosabvuta kukawerenga ndi maso, ndipo munthu amacita manyazi kugwiritsa mwala anzake asanu amene amamdziwa kuposa khamu la pa foni.

Pali nzeru ina imene okhala m'tauni muno ali nayo mwai: ulendo wa ku mathithi sufuna kubwereka basi. Matakisi amacoka pakati pa tauni kupita ku malire ndi ku cipata ca mathithi tsiku lonse. Gulu limene lapangana kuti aliyense adzilipirire ulendo wake silikhala ndi ngongole yogawana, ndipo mtsogoleri angathe kunena molimba mtima kuti ulendo udzayenda ngakhale atsale anthu asanu. Mau amenewa pa okha amacepetsa obwerera m'mbuyo, cifukwa munthu akadziwa kuti anzake adzapita ndithu, safuna kudzangomva nkhani Lolemba.

KALENDALA YA ANTHU NDI YA MTSINJE

Kusankha tsiku ndiko kumadya masabata. Ku Southern Province mpingo wa Seventh-day Adventist ndi wamphamvu kuyambira pamene mishoni ya Rusangu inatsegulidwa pafupi ndi Monze mu 1905, cotero pa gulu la anchito kapena la pa msika sipalephera kukhala ena amene Loweruka sayenda. Lamulungu ndi la mapemphero a ena onse. Masiku a chuthi amaoneka ngati yankho: Heroes ndi Unity pa Lolemba ndi Laciwiri loyamba la Julai, tsiku la alimi pa Lolemba loyamba la Ogasiti, ndi la ufulu pa 24 Okutobala. Koma m'tauni imene ambiri amadyera ku mahotela, ku malo ogona alendo ndi ku malonda a ziboliboli, masiku amenewa ndiwo a nchito yambiri. Tsiku lokomera aliyense kulibe, ndipo gulu lolifunafuna limakhala ngati Zengerezu amene analinda kwaukwau. Mtsogoleri aike masiku awiri cabe, makamaka apafupi ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi, anthu asankhe kamodzi, nkhani itsekedwe.

Mtsinje naonso uli ndi kalendala yake, imene okonza ambiri saifunsa. Mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi a mamita 1,708 m'lifupi, ndipo pozama kwambiri madzi amagwa mamita 108. Madzi amasefukira kuyambira Febuluwale mpaka Mei, nafika pacimake mu Epulo. Pa nthawiyo woyenda pa kaulalo ka Knife Edge amanyowa ngati wagwa m'dziwe, njira zimaterera, ndipo mathithi enieniwo amabisika m'nkhungu. Mu Novembala madzi amatsala ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a mu Epulo, ndipo mbali ya Zambia, ya Eastern Cataract, nthawi zina imakhala thanthwe louma. Madzi ena amapatutsidwa cakumtunda kupita ku makina a magetsi a ZESCO, amene oyamba ake anayamba nchito mu 1938. Mu 2019 cilala cinaumitsa mbali imeneyi kotero kuti zithunzi zake zinafalikira dziko lonse lapansi. Gulu losadziwa zimenezi likafika mu Okutobala kudzaona utsi wogunda, limabwerera litakhumudwa, ndipo caka camawa palibe wofuna kusonkhanso.

Okutobala ali ndi bvuto linanso, ndilo dzuwa. Kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo pansi m'phompho miyala yakuda imasunga moto ngati ciwaya. Kuyambira Novembala mpaka Marichi ndi nyengo ya mvula, ya mphezi ndi matope. Miyezi yokomera woyenda pansi ndi Juni, Julai ndi Ogasiti: madzi akadali ambiri, nkhungu yacepa, dzuwa ndi lofatsa, ndipo ana ali ndi chuthi ca Ogasiti. Kungoti m'mamawa kumazizira zedi, cotero juzi isatsale.

NJIRA IYESEDWE NDI WOFOOKA

Pofuna kusunga ndalama, magulu ena amaganiza zoyenda pansi kucokera m'komboni mpaka ku mathithi. Mu 1892 William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka muyeso umene oyenda amaugwiritsabe nchito: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Mwa muyesowu, makilomita 10 ndi maola awiri kupita ndi awiri kubwera, mathithi asanaonedwe n'komwe, ndipo umenewo ndi muyeso wa munthu wamphamvu wosapuma. Gulu la ana ndi acikulire limafuna nthawi yoposa pamenepo kwambiri.

Koma coletsa ceniceni si mtunda. Mseu wa ku mathithi umadutsa m'malo a nyama za Mosi-oa-Tunya National Park, ndipo m'cilimwe njobvu zimaoloka Zambezi, kudutsa mseu ca ku mtsinje wa Maramba, mpaka kulowa m'makomboni a m'mphepete. Anthu oyenda pansi ndi apanjinga afa nazo njobvu m'dera limeneli. Cotero nzeru ndi kukwera galimoto mpaka pa cipata, miyendo n'kukayambira mkati. Ofuna kuyenda pansi m'nkhalango ya nyama kukaona zipembere amatero pokhapokha ali ndi asilikari a mfuti a Department of National Parks and Wildlife, ndipo zimenezi zimakonzedwa pasadakhale.

Malo a mathithi, amene analembedwa m'kaundula wa cuma ca dziko lonse lapansi mu 1989, amayang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission. Nzika za Zambia zimalipira ndalama yocepa kuposa alendo akunja, koma ziyenera kuonetsa citupa ca NRC. Ndi nchito ya mtsogoleri kupita yekha pa cipata masabata angapo tsiku lisanafike, kukafunsa mtengo wa akulu ndi wa ana ndi nthawi yotsegulira ndi yotsekera, m'malo modalira zimene anamva kwa mnansi amene anapitako zaka zitatu zapitazo. Akatero ayendenso yekha njira imene adzatengeko anthu.

Mkati muli njira zingapo. Ina imaoloka Knife Edge moyang'anana ndi madzi. Ina imatsata m'mphepete mwa phompho mpaka poonera ulalo wa njanji wa mu 1905, umene uli mamita 128 pamwamba pa mtsinje. Ina imalowera cakumtunda, kumene Zambezi amayenda mwakacetecete asanagwe. Zonsezi gogo angayende. Yosiyana ndi ya ku Boiling Pot, imene imatsika m'cigwa ca migwalangwa ndi mitengo ya mthunzi mpaka pamene madzi onse a mtsinje amapota ngati nsima yobwata. Njirayi ndi yaifupi koma ndi yonyenga. Kutsika kumakoma, anthu amaimba ndi kujambulana. Pokwera nyimbo zimatha, ndipo apa ndi pamene amadziwika wobvala mapatapata kapena nsapato za ku ukwati. Anyani a kumeneko anazolowera anthu ndipo amalanda thumba lililonse looneka ngati la cakudya, makamaka m'manja mwa ana. Gulu lanzeru limagawika pamwamba: amphamvu atsike, ena atsale pa mthunzi ndi katundu, nthawi yokumana itanenedwa. Sikuti onse ayenera kufika paliponse kuti ulendo ukhale wa onse.

Kumunsi kwa ulalo ndi nkhani ina. Zambezi amakhotakhota m'maphompho otsatana, lililonse mwa iwo linali mathithi pa nthawi yake kalekale, madzi asanaboole mng'alu wina m'thanthwe. Cakumunsi, ku Songwe ndi ku Batoka, makoma amapitirira mamita 200. Kuyambira mu 1981, pamene a kampani ya Sobek anayamba kutsika mtsinjewu ndi mabwato a mphira, Mtsogoleri Kenneth Kaunda atawaperekeza pa kunyamuka, tinjira ta m'maphomphowa timayendedwa ndi onyamula katundu a m'midzi ya Mfumu Mukuni. Iwowa ndiwo amadziwa potsikira ndi pokwerera, ndi pamene madzi afika mwezi umenewo. Gulu lopita kumeneko lipeze mmodzi wa iwo, limlipire monga anapangana, ndipo ndalamayo ikhale pa mtengo wa ulendo kuyambira paciyambi. Kudutsa m'mudzi osapereka moni kwa anyakwawa ndi mwano umene umatsekera njira obwera m'mbuyo. Pansi m'phompho foni kawirikawiri sigwira, galimoto ya odwala sifikako, ndipo munthu wothyoka mwendo amanyamulidwa ndi anzake mpaka pamwamba. Kuyeneranso kukumbukira kuti pakati pa mtsinje ndi malire ndi Zimbabwe, ndi kuti wofuna kukwera pa ulalo amayamba waonekera kwa a zolowa ndi kutuluka.

Pa njira, wodziwa malo akhale patsogolo, wofooka kwambiri pambuyo pake penipeni, ndipo munthu wamphamvu ndi woleza mtima atseke kumbuyo, osalola wina kutsala. Akapitao awerenge anthu ao ponyamuka, popuma ndi pobwerera. Nthawi yotembenukira inenedwe m'mawa, ndipo ikakwana onse atembenuke, kaya afika kaya sanafike. Ngozi zambiri za m'mapiri zimayamba pamene wina wasiyana ndi anzake. Ku Malawi mu 2009 mlendo wa ku Brazil anasiya womperekeza pa phiri la Mulanje nalunjika yekha ku nsonga ya Sapitwa. Mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, ndipo mnyamata wothamangira kutsogolo kuti akafike yekha sathandiza gulu.

Pa dzuwa munthu wokwera phiri angataye lita imodzi ya thukuta pa ola, cotero aliyense anyamule malita awiri kapena atatu a madzi ake, osadalira cigubu ca mnzake. M'thumba la mankhwala mukhale mabandeji ndi timapaketi ta madzi a moyo. Tikasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mcere mu lita imodzi ya madzi abwino zimagwira nchito yomweyo. Odwala shuga, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi auze mtsogoleri mseri tsiku lisanafike. Kamba wabwino ndi wopepuka: nshawa, mbatata yophika, zitumbuwa, nthoci. Mowa udikire kunyumba. Ndipo munthu mmodzi wotsala m'tauni adziwe kumene gulu lapita ndi ola limene liyenera kubwera.

ANA A SUKULU NDI OCOKERA KUTALI

Ulendo wa ana uli ndi zofuna zake: kalata ya cilolezo ya kholo lililonse, cilolezo ca ofesi ya maphunziro, ndi akulu okwanira kuti aliyense ayang'anire ana owerengeka. Makalata amenewa ndiwo amacedwa, cotero ayambe iwo galimoto isanafunidwe. Aphunzitsi ozolowera amadziwanso kuti makolo amasonkha msanga akaona phindu. Phindu lilipo. Pafupi ndi cipata pali kanyumba ka zakale koonetsa pamene panakumbidwa zida za miyala za anthu a makedzana, nchito imene J. Desmond Clark anaicita m'zaka zoposa 20 zimene anayang'anira nyumba ya zakale ya m'tauni, yoyambidwa mu 1934. Mwana amene waphunzira kuti David Livingstone anaona mathithiwa pa 16 Novembala 1855 ayenera kumvanso kuti eni dziko anali kuwacha kale Shungu Namutitima, ndi kuti anali malo ao a mapemphero.

Magulu ocokera ku Lusaka kapena kum'mawa ali ndi katundu wolemera koposa. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo kucoka ku Lusaka kufika ku Livingstone ndi ena 470. Ulendo wotere umadya masiku anai pa mseu pokha, kupita ndi kubwera, ndipo umagwera pa malo ogona. Makwaya ambiri amadalira mpingo unzao kapena kalasi la pa sukulu, zimene n'zabwino ngati pali kalata ndi yankho lake. Koma kufika usiku ndi anthu 50 podalira lonjezo la pakamwa la miyezi itatu yapitayo ndiko kugona pa siteshoni. Pa chuthi ca Heroes ndi Unity ndi pa Isitala nyumba za alendo zimadzaza msanga. Basi yobwerekedwa ikhale ndi mapepala ake onse a RTSA, ndipo pangano ndi mwini wake lilembedwe: mafuta alipira ndani, woyendetsa adya ndi kugona kuti, galimoto ikafa panjira cidzacitika n'ciani.

Pobwera, nchito ya msungicuma sinathe. Sabata isanathe awerenge pamaso pa onse zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, malisiti ali pa thebulo, ndipo yotsala ibwezedwe kapena isungidwe mogwirizana, ngakhale ikhale K20. Magulu amene amayenda caka ndi caka ndi amene buku lao ndi lotseguka.

Kwa gulu limene lakwanitsa ulendo wa masana pali wina umene tsiku lake silifuna mkangano, pakuti woika ndi mwezi. Madzi akakhala ambiri ndipo mwezi uli wathunthu, utawaleza umaoneka usiku m'utsi wa mathithi, ndipo cipata cimatsegulidwa madzulo kwa ofuna kuuona, pa mtengo wake wapadera. Mbali ya Eastern Cataract ndiyo yoonera bwino mwezi utangotuluka. Ofuna kupitako afunse pa cipata za masiku ake, anyamule matochi ndi zofunda, ndipo apangane ndi woyendetsa galimoto za ola lowatenga pobwerera, cifukwa usiku mseu umenewo ndi wa njobvu.